Chikuto cha chimbale ndi nyali ya usipa

Anyamata amene mukujambula nyimbo kuno kunyanja, tandimverani pang'ono. Zikuto za nyimbo zanu zadzaza mopitirira. Nkhope yanu, galimoto ya eni ake, madola akuuluka, mkango, moto, dzina la prodyusa, nambala ziwiri za foni, zonsezo pa kachithunzi kamodzi. Kakafika pa WhatsApp kamachepa ngati chikhadabo, dzina lanu osawerengekanso. Ndalama munalipira wokonza zija zalowa m'madzi basi.

Ine ndi makanika wa mainjini a boti, za zojambula sindinapitire kusukulu, koma bambo anga ndi msodzi ndipo za usipa ndinakulira momwemo. Tonse tikudziwa kuti mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali. Nyali imakoka nsomba chifukwa pozungulira ponse pali mdima. Chikuto nachonso n'chimodzimodzi, diso limathamangira pa chinthu chimodzi ngati kwinako kwasiyidwa pambalambanda.

Mu 1967 a The Beatles anatulutsa Sgt. Pepper, chikuto chodzaza nkhope za anthu ngati pamsika. Chaka chotsatira, 1968, Richard Hamilton anawakonzera chikuto choyera mbee. Panali dzina la gulu lotumphuka pang'ono ndi nambala yodinda, mwakuti aliyense wogula amaona ngati chake n'chapadera. Mpaka lero anthu amangochitcha White Album.

Mu 1973 Pink Floyd anatulutsa The Dark Side of the Moon. Chikuto chakuda bii, pakati pali galasi la ngodya zitatu, kuwala kukulowa koyera n'kutulukira mbali ina ngati utawaleza. Kutsogolo kwake kulibe dzina la gulu, koma anthu amachizindikira ali patali.

Nthawi zina mpata umanyamula chisoni. Bon Scott, woyimba wa AC/DC, anamwalira mu February 1980. Miyezi ingapo pambuyo pake anzake anatulutsa Back in Black, chikuto chakuda ngati chovala cha pamaliro. Kanye West naye mu 2021 anatulutsa Donda, dzina la malemu mayi ake, chikuto chakuda chokhachokha.

Wina anena kuti aise, amenewo anali otchuka kale, ife tikasiya poyera atidziwa ndani? N'zoona, dzina lanu lisasowe. Koma taonani maboti pagombe. Boti limene mumalidziwa likadali kutali ndi lija lili ndi dzina limodzi la zilembo zazikulu. Lija analemba mavesi, timu ya mpira ndi mayina a ana onse umachita kuyandikira kuti uwerenge. Komanso zikuto za kale zija zinali zazikulu, pafupifupi masentimita 31 mbali iliyonse, ndipo ankasiyabe mpata. Nanga ife a pa kafoni tikupanikiza chiyani?

Ndiye amwene, nyimbo yotsatira muyese izi. Sankhani chinthu chimodzi, kaya nkhafi, kaya nyali, kaya bwato lili lokha pamadzi m'mamawa. Lembani dzina lanu ndi la nyimbo. Wokonza akafuna kuwonjezera mkango, mumuuze kuti pakwana. Kenako muchepetse chithunzicho pafoni, mupatse mlongo wanu, muone ngati awerenge dzina osatsinzinira.

Tumizirani anzanu a ku studio aja.