Mwala wonyezimira sulowa m'malo mwa chipatala

Ife a ku Machinga ndi Balaka tazunguliridwa ndi miyala, koma ambirife sitiidziwa. Ku Kangankunde kampani ya Lindian Resources ya ku Australia ikufuna miyala yomwe amapangira maginito a galimoto zoyendera magetsi. Ku Chenkumbi anthu akhala akuotcha laimu kwa zaka zambiri. Pa phiri la Malosa, pafupi nafe pompa, anyamata amakumba aegirine ndi quartz zimene zimakafika mpaka ku Ulaya. Tsono kwabwera nkhani ina, yoti miyala imachiza.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera. Teremu yathayi mtsikana wa Folomu 3 anandibweretsera kamwala kowala mwa buluu ndi pepo, kamene malume ake anatumiza kuchokera ku Joni. Kapepala kake kanati ndi bornite, ndipo kamachotsa nkhawa ndi kuyeretsa magazi. Agogo ake, omwe amadwala BP, anali atayamba kukaviika m'kapu usiku n'kumwa madziwo m'mawa. Mapilitsi anali atawasiya.

Bornite ndi mwala weniweni. Muli kopa, ayironi ndi salfa, ndipo kopayo amapitirira magawo 60 pa 100 alionse. Dzinali anaupatsa mu 1845 pokumbukira katswiri wa miyala Ignaz von Born. Umapezeka m'migodi ya kopa monga ya ku Copperbelt ku Zambia. Ukangouswa m'kati mwake mumakhala mofiirira, koma mpweya ukaukhudza kunja kumachita mawangamawanga ngati nthenga za pikoko. Kuwalako ndi dzimbiri chabe. Komanso miyala yambiri yogulitsidwa ndi dzina limeneli ndi ya mtundu wina, wotchedwa chalcopyrite, umene amaunyika mu asidi kuti uwale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga bwanji ena amachitira umboni kuti anapeza bwino? Mu 2001 Christopher French wa ku Goldsmiths ku London anapatsa anthu 80 miyala, ena yeniyeni, ena yagalasi. Magulu onse awiri ananena kuti akumva kutentha ndi kunyerenyesa m'manja. Chimagwira ntchito ndi chiyembekezo cha munthu. Mtima ukhoza kukhala pansi, koma magazi amathamangabe, shuga amakwerabe. Ndipo kopa akachuluka m'thupi amatsegula m'mimba ndi kuononga chiwindi, choncho madzi oviikamo mwala woterewu si akumwa.

Sindikunyoza malume amene anatumiza mwalawo. Anagula chifukwa chokonda mayi awo, ndi ndalama yopezeka movutikira. Sindikunyozanso agogowo. Aliyense amene anayendapo mtunda wautali pa kabaza n'kukauzidwa kuti mankhwala atha amadziwa chifukwa chake munthu amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Koma BP sichenjeza. Munthu amadzuka bwinobwino, madzulo wafa ziwalo mbali imodzi.

Ndinapita kukacheza ndi agogowo. Sindinawauze kuti ataye mwalawo. Ndinati, "Agogo, mphatso ya mwana wanu isungeni pawindo izikukumbutsani za iye, koma Lachiwiri tipite akakuyezeni." Anavomera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti miyala ya ku Malosa imachoka kuno pa mtengo wozizira, kunja n'kukaiika m'timabokosi ndi mawu akuti imateteza ku mizimu yoipa. Tsiku lina ikhoza kubwereranso kwa abale athu odwala pa mtengo wokwera. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tizibweretsa miyala ya kwathu m'kalasi, ana aziigwira, aziikanda ndi msomali, adziwe dzina lake ndi zimene zili m'kati mwake. Mwana wodziwa mwala sadzagulitsa motchipa, ndiponso sadzalola agogo ake kusiya mankhwala chifukwa cha kuwala kwake.