Agogo Amene Tidawabuloka



Ambiri mwa inu mukudziwa kuti kalabu yathu ya zamalonda ili ndi foni imodzi. Foniyo imagona m'kabati ya aphunzitsi athu, ndipo imatuluka masana tikaweruka. A Fomu 4 akamaliza mayeso a MSCE amatisiyira mabuku, mayunifomu, mahijabu, zikwama ndi nsapato zimene zikadali zolimba. Ife timachapa, kusita, kusoka pong'ambika, kenako timajambula n'kuika m'magulu a malonda a pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ogula ena amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ena amabwera nazo pamanja. Ndalamazo si zathu. Zimalowa m'thumba lolipirira anzathu amasiye mayeso a MANEB. N'chifukwa chake aphunzitsi sasiya kutikumbutsa kuti foniyo ndi amana.

Sitidachedwe kuzindikira kuti ogula a pa intaneti ndi amitundumitundu. Pali uja amangofunsa kuti, "Chikadalipo?" Ukamuyankha, zii mpaka kalekale. Pali uja amati, "Ndisungireni, ndikubwera mawa," koma mawa lakelo silifika. Pali wina amatchula theka la mtengo asanapereke n'komwe moni. Ndiye padali mmodzi amene adatipweteka zenizeni. Adatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani ya foni, wonena kuti talandira ndalama za nsapato, n'kutuma wakabaza kuti adzatenge katunduyo mwamsanga. Tidapereka. Titayang'ana balansi madzulo, munalibe ngakhale tambala. Uthengawo adaulemba yekha, ndipo nambala yake inali itazima kale.

Tsiku limenelo ndi limene tidaphunzira kubuloka. Mtima ukuwawa, tidaona kuti mankhwala tawapeza. Wina akanenerera kwambiri, buloko. Wina akalephera kubwera tsiku limene adalonjeza, buloko. Wina akalankhula mosatisangalatsa, buloko. Chala chimodzi chinkathetsa nkhani, ndipo aliyense amene wagwira foni tsiku limenelo ankaweruza yekha, osafunsa mnzake.

M'masiku omwewo padabwera nambala ina imene inkafuna buku la Biology la Fomu 3 ndi siketi ya yunifomu. Mauthenga ake ankafika usiku okhaokha, foni ili m'kabati, ndipo ife tinkawaona mawa lake masana. Anali aafupi, opanda salamu: "Tsitsani." Tikatsitsa pang'ono, usiku wotsatira: "Tsitsaninso." Kenako: "Sungani." Kenako masiku atatu chete. Kenako: "Tsitsani." Patatha sabata ziwiri tidatopa. Tidajambula mauthengawo n'kuwaonetsa anzathu m'kalasi, tidaseka, munthuyo tidamupatsa dzina loti a Tsitsani, ndipo tidamubuloka. Bukulo tidagulitsa kwa wina.

Lachisanu lina, titangotuluka ku Swala ya Jumu'ah, alonda adatiitana kuti kugeti kuli mlendo wa kalabu. Tidapeza agogo aakazi atakhala pansi pa mtengo, mapazi ali fumbi lokhalokha. Adatipatsa salamu mwaulemu, n'kuyamba kumasula mfundo ya pachitenje. Munali ndalama zamapepala zakutha, zopindidwa bwinobwino.

"Adzukulu anga, ndabwera kudzatenga buku lija ndi siketi. Zakwana tsopano. Ndakhala ndikutumiza mawu, koma mwana wa aneba akuti sakufika. Ndimayesa ndi netiweki."

Palibe amene adayankha msanga. Tidawafunsa nambala imene ankagwiritsa ntchito, ndipo tidaipeza pamndandanda wa obulokedwa. A Tsitsani aja anali agogowa.

Nkhani yonse tidaimva pamenepo. Iwo alibe foni, komanso sadziwa kulemba. Foni inali ya aneba awo, amene amapita nayo kumsika n'kubwera nayo kutada. Wolemba mauthenga anali mnyamata wa kupulaimale, amene ankadula mawu onse a agogo, salamu ndi madandaulo omwe, n'kusiya liwu limodzi lokha. Masiku amene ankakhala chete anali masiku amene bandulo yatha. Ndalamazo ankazisonkhanitsa pang'onopang'ono pogulitsa zitumbuwa, kuti mdzukulu wawo, amene makolo ake adamwalira, asamabwereke buku chaka chonse.

WhatsApp simuuza munthu kuti wabulokedwa. Uthenga wake umangoima pa tiki imodzi, ndipo akaimba foni siilowa. Tikadafuna, tikadangovomera kuti inde, inali netiweki, nkhani n'kuthera pompo. Koma mmodzi wa ife, mtsikana wa Fomu 3, adagwada n'kunena kuti, "Agogo, sinali netiweki. Tidakutsekerani ndife. Tinkaganiza kuti mukutiseweretsa. Mutikhululukire." Agogo adatiyang'ana nthawi yaitali. Sadakalipe. Adangofunsa kuti, "Nanga bukulo?"

Bukulo linali litapita. Tidafufuza m'katoni n'kupeza lina lopanda chikuto, lothothoka masamba awiri akumapeto. Tidawaonetsa chilema chake, tidakopera pamanja masamba osowawo kuchokera m'buku la kulaibulale, ndipo adalitenga pamtengo wotsika. Siketi inali ikadalipo. Koma tidadziwa kuti mdzukulu wawo walandira buku lachabechabe chifukwa cha kupsa mtima kwathu, komanso kuti tidaseka munthu wamkulu pagulu iye palibe. Miseche ya pafoni ndi miseche ndithu.

Aphunzitsi adatikumbutsanso chinthu chimene tinkachidziwa koma osachiganizira. Kuchokera pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sopo, shuga, makope ndi zoyendera idakwera, pomwe ndalama za m'matumba mwa makolo ambiri sizidakwere nawo. Munthu wonenerera kasanu nthawi zambiri sakufuna kutivuta. Akuwerengera chimene chitsale cha ndiwo.

Chifukwa cha manyazi, tidalumphira mbali inayo. Tidagwirizana kuti sitidzabulokanso munthu aliyense. Ena mwa ife adakumbutsa zimene tidaphunzira kumadrasa, kuti Msilamu saloledwa kunyanyala m'bale wake kupitirira masiku atatu, ndiye kubuloka kusiyana pati ndi kunyanyala? Tidamasula nambala zonse.

Sipadathe mwezi, bambo wina adafunsa za abaya imene tidaika pamalonda. Poyamba adafunsa saizi ndi mtengo ngati wogula aliyense. Atamva kuti akuyankhidwa ndi mtsikana, mafunso adasintha. Adati aivale kaye amutumizire chithunzi. Adafunsa dzina lake, zaka zake, ndi nthawi imene amaweruka. Adati amuonjezera ndalama akamupatsa nambala yakeyake. Mnzathuyo adapirira masiku anayi osauza munthu, akuyankha mwaulemu, chifukwa ankaopa kuswa pangano lathu komanso kuchimwa. Adaulula pamene bamboyo adalemba kuti akudziwa njira imene atsikana a pasukulu pano amadutsa popita kwawo.

Aphunzitsi adasunga mauthenga onse, adabuloka nambalayo nthawi yomweyo, adadziwitsa a hedi ndi makolo a mtsikanayo, ndipo nkhaniyo idapita kupolisi. Adatiuzanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa intaneti kapena pafoni. Ambiri a ife tinali tisanalimvepo.

Sabata yotsatira tidapita kwa a Shehe ndi funso lathu la masiku atatu lija. Adatimvetsera mpaka kumapeto, kenako adatifunsa kuti, "Kodi kwanu chitseko mumatseka usiku?" Tidati inde. "Ndiye kuti mumadana ndi mudzi wonse?" Adatifotokozera kuti chiphunzitso chija chimanena za abale amene akangana n'kumanana salamu chifukwa cha mkwiyo. Sichilamula munthu kusiya khomo lotsegula kwa wakuba kapena kwa wofuna kuononga mwana wa eni. Adatikumbutsanso kuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anali wamalonda wodziwika ndi kukhulupirika, ndipo adalimbikitsa kufewa mtima pogula ndi pogulitsa. Kufewa kumeneko ndi kumene tidawamana agogo aja. Koma kwa bambo uja tidapereka kupirira kumene sikunali koyenera, ndipo wolipira mtengo wake anali mnzathu. Kawiri konse vuto linali limodzi: tidasankha tisanafunse kuti munthuyu watilakwira chiyani kwenikweni.

Kuyambira pamenepo tili ndi malamulo ochepa, olembedwa pachikuto cha kope la kalabu. Kunenerera si mlandu. Timatchula mtengo womaliza kamodzi, mwaulemu, ndipo munthu akabwerezanso timamuyankha chimodzimodzi kapena kungomusiya. Wopempha kuti timusungire timamuuza tsiku limene kusungako kuthere, kuti katundu akapita pasakhale wodandaula. Chilema chilichonse cha katundu timachijambula ndi kuchitchula. Katundu satuluka tisanaone ndalama mubalansi ndi maso athu, ngakhale uthenga utaoneka bwino chotani, ndipo wonena kuti watumiza molakwitsa timubwezere timamuuza apite kukampani ya foni. Ogula timakumana nawo pageti ya sukulu, masana, aphunzitsi ali pomwepo. Wotukwana timamuchenjeza kamodzi. Wotumiza uthenga wabodza wa ndalama, wopempha zithunzi za munthu m'malo mwa katundu, kapena wofunsa kumene wina amakhala, ameneyo timamubuloka tsiku lomwelo, umboni titasunga. Umboniwo umapita kwa aphunzitsi okha, osati kugulu la kalasi. Kupatula pamene wina akuopsezedwa, palibe amene amabuloka yekha: pamafunika awiri ndi aphunzitsi, paja mutu umodzi susenza denga. Pakutha pa teremu timatsegula mndandandawo n'kuona ngati pali wina amene tidamuweruza mopupuluma.

Makolo athu, tili ndi pempho. Ana ambiri a pasukulu pano amakuthandizani kugulitsa kaunjika, mafuta onunkhira, nsomba zouma kapena mipango pafoni za kunyumba. Zimene zidatichitikira ife zikuchitikanso m'makomo. Mwana wanu, makamaka wamkazi, akakuonetsani uthenga woipa, chonde musayambe ndi kumulanda foni kapena kumufunsa kuti iyeyo adayankhiranji. Mukatero, tsiku lina adzabisa. Yambani ndi kusunga uthengawo, kutseka nambalayo ndi kumuthokoza kuti wanena. Akuluakulu a komiti, tikupempha kuti nkhani imeneyi ipezeko malo pa ulaliki wa Lachisanu, chifukwa ena mwa otumiza mauthenga oterewa si anthu ochokera kutali.

Pamene tikulemba izi, mndandanda wathu wa obulokedwa uli ndi nambala zitatu zokha, ndipo iliyonse tikhoza kufotokoza chifukwa chake pamaso pa aliyense. Nambala ya aneba a agogo aja tidaisunga ndi dzina loyenera. Mdzukulu wawo alowa Fomu 4 chaka chamawa, insha Allah, ndipo mabuku ake tawapatula kale m'katoni yapadera. Tidawatumizira uthenga wa mawu kuti amve okha, osadalira wowawerengera. Yankho lidafika usiku, monga mwa nthawi zonse, ndipo tidalimva mawa lake masana. Lidayamba ndi salamu yonse yathunthu, kenako duwa, ndipo kumapeto kwake agogo adafunsa ngati mtengowo sungatsikeko pang'ono.