Nkhuku Yodwala Timaipatula, Nanga Mnyamata wa Mpira?

Anzanga alimi, ine ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo ntchito yanga ndi kuyenda m'midzi kuphunzitsa za mbewu ndi ziweto. Koma lero sindilemba za manyowa kapena za mizere ayi. Ndifuna kukuuzani cholakwa chimene ndinachita ine mwini pa nkhani ya mpira wa miyendo, kuti wina asadzagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Nonsenu mudziwa chitopa. Chikalowa m'mudzi, nkhuku zimayamba kuodzera, mapiko ali pansi monga zavala jekete, chitosi chili chobiriwira, ndipo pakutha sabata khola lili pululu. Malangizo athu ndi awa: nkhuku yogula kumsika muisunge payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake, yodwala muipatule tsiku lomwelo, ndipo zonse muzizidonthezera katemera m'diso miyezi inayi iliyonse. Mawu amenewa ndawanena pansi pa mitengo yambiri, kwa anthu ambiri. Tsono imvani m'mene ine mwini ndinawaiwalira.

Pamudzi pamene ndikhala pali timu ya anyamata, ndipo anandisankha kuti ndikhale woiyang'anira chifukwa kusekondale ndinali kusewerako. Mwa anyamatawo muli mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ndiye womwetsa zigoli. Mulinso nkhalamba ina, imene tonse timaitcha agogo. Iwo sasewera, koma amasoka mpira ukang'ambika, amanyamula madzi, ndipo sajomba ulendo uliwonse wa timu.

Nthenda ya Covid-19 inapezeka m'dziko muno pa 2 April 2020. Boma linali litatseka kale sukulu ndi kuletsa misonkhano yaikulu, ndipo mpira wa ligi unaima kufikira kumapeto kwa chaka. Koma ife a kumudzi tinali kunena kuti imeneyo ndi nthenda ya m'tauni, ya anthu okwera ndege.

M'mwezi wa July 2021 mliri unabweranso mwamphamvu, ndipo wailesi inali kuchenjeza tsiku ndi tsiku. Ife tinali titapangana masewero ndi mudzi wina wakutali, ndipo mphotho yake inali mbuzi. Lachisanu madzulo mphwanga anafika kunyumba nati, "Malume, thupi latentha pang'ono, ndipo nsima sindili kuimva kukoma. Ngakhale utsi sindiumva fungo."

Ine ndinadziwa tanthauzo la zizindikiro zimenezo, pakuti alangizi a zaumoyo anali atatiphunzitsa. Koma mtima wanga unali pa mbuzi ndi pa ulemu wa mudzi. Ndinati, "Mphwanga, chimenecho ndi chimfine cha chisanu chabe. Imwa madzi a mandimu, ugone msanga. Mawa tifuna zigoli."

Loweruka m'mawa tinapanikizana anthu 20 m'minibasi imodzi. Mawindo tinatseka chifukwa cha chisanu ndi fumbi, ndipo tinali kuimba njira yonse, ulendo wa ora lathunthu. Agogo anakhala pambali pa mphwanga. Kubwalo tonse tinamwera chikho chimodzi. Mphwanga anamwetsa chigoli, koma chigawo chachiwiri anatuluka ali wefuwefu. Tinapambana, ndipo mbuzi tinabwera nayo ndi nthungululu.

Sabata lisanathe anyamata asanu anali gone. Mphwanga atapita kuchipatala anamuyeza, napeza kuti ali ndi kachirombo ka Covid-19. Anyamatawo anachira msanga, pakuti ndi a magazi atsopano. Koma agogo anayamba kubanika, ndipo tinathamanga nawo kuchipatala cha paboma, kumene anakhala masiku 9 akupumira mpweya wa okosijeni.

Atatuluka ndinapita kukawazonda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Alangizi, inu mumatiuza kuti nkhuku yodwala tiziipatula. Nanga mwana uja munamukhazika pambali panga bwanji? Kodi nkhuku yandiposa mtengo ine?"

Ndinasowa choyankha. Agogo ali moyo mpaka lero, koma chaka chimenecho khasu linawakanika. Akalima mizere isanu anali kukhala pansi. Anyamata a timu ndiwo anakawalimira munda, ine ndinagula mbewu, ndipo mbuzi ija tinawapatsa iwo. Koma zonsezi sizinandichotse manyazi.

Tsono mverani m'mene nthendayi iyendera pakati pa osewera. Kachirombo kake kamatuluka ndi mpweya pamene munthu akhosomola, alankhula, afuula kapena aimba. Pabwalo penipeni, pamene mphepo iomba, ngozi yake ndi yochepa. Ngozi yaikulu ili m'galimoto yotseka mawindo, m'chipinda chovalira, pogona ambiri m'nyumba imodzi, ndi pokumbatirana chigoli chikalowa. Munthu angathe kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri iye asanamve kudwala, ndipo ena samva kanthu konse. Amene wakatenga amaonetsa zizindikiro pakati pa masiku 2 ndi 14. Chifukwa chake madokotala anali kunena kuti wodwala abindikire payekha, ndi amene anakhala naye pafupi adzipatulenso. Ndi nzeru yomwe ija ya nkhuku ya kumsika.

Miyezi isanu ndi umodzi itapita ndinaona m'mene akatswiri achitira. Mu January 2022 timu ya dziko lathu, Flames, inapita ku Cameroon kukasewera chikho cha mayiko a mu Africa. Bungwe la CAF, limene liyendetsa mpira mu Africa, linaika malamulo olimba. Wosewera aliyense anali kuyezedwa masiku awiri masewero asanachitike, ndipo wopezeka ndi kachirombo sanali kuloledwa kubwalo. Timu ikakhala ndi anthu 11 abwino inayenera kusewera, ngakhale palibe goloboyi. Ikaperewera, inali kuwerengedwa kuti yagonja 2-0.

Lamulo limeneli linatiwawa ndithu. Mphunzitsi Mario Marinica anapezeka ndi kachirombo, pamodzi ndi osewera angapo, mmodzi wa iwo Gabadinho Mhango. Pa 10 January, posewera ndi Guinea mu mzinda wa Bafoussam, timu inatsogoleredwa ndi Meck Mwase, ndipo pabenchi panali osewera anayi okha, awiri a iwo magoloboyi. Tinagonja 1-0. Ife tinali kumvera pa wailesi pakhonde la sitolo, ndipo mphwanga anati, "Malume, bwanji osangomulowetsa Gaba? Mnyamata wamphamvu ngati uja chimfine chingamutani?" Ine ndinamukumbutsa za minibasi ija, ndipo anakhala chete.

Taonani chimene chinatsatira. Mhango atatuluka m'chibindikiro anasewera pa 14 January ndi Zimbabwe, namwetsa zigoli zonse ziwiri, ndipo tinapambana 2-1. Pa 18 January tinalepherana ndi Senegal 0-0, yomwe ija inatenga chikho pamapeto pake. Motero Malawi inadutsa ndime ya magulu kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Pa 25 January Morocco inatitulutsa 2-1, koma chigoli chimene Mhango anamwetsa ali kutali anthu achikumbukabe. Munthu anakhala pansi masewero amodzi, ndipo timu siinafe ayi. Akadabisa nthenda nalowa m'basi ndi anzake, ndani akadatsala wosewera ndi Zimbabwe?

Anzathu a ku Comoros anaona zoposa zathu. Pa 24 January anakumana ndi eni bwalo, Cameroon, opanda goloboyi ndi mmodzi yemwe: wina anali wovulala, awiri anali m'chibindikiro. Wosewera kumbuyo, Chaker Alhadhur, ndiye anavala magolovesi naima pagolo. Anagonja 2-1, koma anatuluka ndi ulemu waukulu. Ngati dziko lathunthu linalola kusewera lopanda goloboyi pamaso pa Africa yense, nanga ine ndinalephera bwanji kusiya mnyamata mmodzi chifukwa cha mbuzi?

Mu May 2023 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalengeza kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo malamulo aja a kuyeza osewera anatha. Koma kachiromboko sikanathe, ndipo nthenda zina zoyenda ndi mpweya, monga chimfine chachikulu ndi chikuku, zili pakati pathu. Chifukwa chake timu yathu inapangana malamulo ake, ndipo mfumu inavomereza. Ndiwalemba pano kuti midzi ina iwaganizire.

Loyamba: mnyamata amene watentha thupi kapena akukhosomola anene msanga, ndipo asafike kubwalo kapena kukwera nawo galimoto. Apite kuchipatala, ndipo atsate masiku amene adokotala amuuza.

Lachiwiri: wodwala agone payekha, pamalo popita mphepo, kutali ndi okalamba ndi odwala shuga kapena mtima. Womutumikira aphimbe kukamwa ndi mphuno, ndi kusamba m'manja ndi sopo.

Lachitatu: aliyense abwere ndi botolo lake la madzi, ndipo paulendo mawindo akhale otsegula, ngakhale fumbi lichuluke.

Lachinayi: wochira asathamangire mpira. Ayambe pang'onopang'ono, ndipo akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika abwerere kuchipatala. Kuthamanga si kufika.

Lachisanu, limene ndi lalikulu: amene wadzipatula asasekedwe, ndipo malo ake m'timu amusungire. Mnyamata amabisa nthenda chifukwa aopa kuti wina amulanda malo. Mukamuchotsa mantha amenewo adzanena zoona.

Inu makolo, inu mafumu, ndi inu oyang'anira matimu, udindo umenewu ndi wathu. Mnyamata wa zaka 19 sangadziletse yekha pamene mudzi wonse ukufuula dzina lake. Mphwanga anachita bwino, pakuti anabwera kudzandiuza. Wolakwa ndinali ine wamkulu. Kupatula wodwala si kumulanga kapena kumunyoza ayi. Nkhuku timaipatula chifukwa tifuna khola lonse, ndi iyo yomwe, zikhale ndi moyo.

Chaka chatha, tsiku la masewero aakulu, goloboyi wathu anadzuka ndi chifuwa. Ndisanatsegule pakamwa, mphwanga ndiye anapita kukamuuza kuti atsale. Pagolo tinaika mnyamata wosewera kumbuyo, ndipo tinagonja 3-1. Pobwerera agogo anali pampando wakutsogolo, zenera lili lotsegula, akutiseka njira yonse.

Mawu a akulu akoma akagonera. Tsalani bwino, ndipo musaiwale kutemera nkhuku zanu dzuwa lisanafike potentha.