Phulusa la Pamoto Lisatayidwe

Pa chilangizo cha ukwati masiku ano mphatso zambiri zimakhala za m'mabotolo: mankhwala otsukira mbale, okolopera pansi, onunkhiritsa m'chimbudzi. Nzabwino ndithu. Koma pakapita miyezi iwiri mabotolo aja amakhala atatha, ndipo mwana amene tinamulangiza uja amangodikira kuti mwamuna abwere ndi ndalama ya sopo, mbale zili mbwee pabwalo. Mawu awa ndalembera inu ana anga amene mwangoyamba kusunga nyumba, kuti mudziwe kuti zambiri zoyeretsera pakhomo muli nazo kale pamafuwa panu.

Ine ndinaleredwa ndi agogo anga ku Angónia nkhondo isanathe mu 1992, pamene sopo ankasowa ngakhale kwa munthu wandalama. Komatu sitinkadyera m'mbale zakuda. M'mawa uliwonse agogo ankapala phulusa lozizira, nkulisefa kuti makala achoke, nkulisunga m'phale. Mbale ya mafuta ankayamba aipukuta ndi makoko a chimanga, kenaka ankawazamo phulusa lodzaza dzanja ndi timadzi tofunda, natikita ndi chinkhupule. Chifukwa chake ndinachimva nditakula. Phulusa likanyowa limatulutsa mchere wamphamvu, womwe uja timadontheza tikafuna chidulo cha therere. Mchere umenewu ukakumana ndi mafuta umawasandutsa kasopo, ndipo mafuta amaleka kukakamira. Ngakhale sopo weniweni anthu akale ankamupanga ndi phulusa ndi mafuta a nyama.

Phulusa lake likhale la nkhuni, la zitsononkho kapena la mapesi. La kudzala kumene mwawotcha mapulasitiki, mabatire ndi matabwa opentedwa lisayandikire chiwiya chodyera. Poto wa aluminiyamu mtsukeni ndi kumutsukuluza nthawi yomweyo, pakuti akagona m'madzi aphulusa amada ndi kuyamba timaenje. Manja nawonso muwasambe mukatha, chifukwa chimene chimadya mafuta a m'mbale chimadyanso mafuta a pakhungu. Za mwaye, musadikire kuti muzikalimbana nawo ndi mchenga: matani kunsi kwa poto ndi phulusa lonyowa musanamutereke, ndipo mwaye udzakhala pa phulusalo nkuchoka nalo limodzi.

Ndimu ali ndi ntchito ina. Iye ndi wowawasa, tsono amasungunula zimene phulusa limalephera. Ketulo imene yachita zoyera m'kati chifukwa cha madzi a pa mjigo, wiritsanimo madzi ndi mandimu awiri ofinya, muisiye izizire, zoyera zija zidzakanganuka zokha. Mpeni wonunkha nsomba upakeni ndimu. Dzimbiri likadontha pa malaya oyera, finyiranipo ndimu, ikanipo mchere, yanikani padzuwa. Soda wa therere ndiye wa poto wopserera: supuni imodzi m'madzi, muwiritse pang'ono, zopserera zifewa. Ana anga ena amandionetsa pa foni anthu akusakaniza soda ndi viniga, thovu lili phuu, namati imeneyo ndiyo mphamvu. Thovulo ndi chizindikiro chakuti ziwirizo zikuthetsana mphamvu, ndipo chotsala ndi madzi a mchere chabe. Chilichonse chigwire ntchito pachokha.

Thandala la mbale limangidwe poonekera dzuwa, chifukwa mbale youma padzuwa imaposa yopukutidwa ndi kansalu konyowa kamene kapukuta zonse kuyambira Lolemba. M'chimbudzi chokumba muzikhala chitini cha phulusa, aliyense akatha athire pang'ono pa dzenje ndi kuvindikira. Fungo limachepa, ntchentche nazonso zimachepa.

Chimene chimandikondweretsa pa njira zimenezi nchakuti sizisiya zinyalala. Madzi amene mwatsukira ndi phulusa mungathe kuthira pa phata la nthochi, nthochi nkukondwa nawo. Koma timapepala ta pulasitiki ta sopo waufa timauluka mpaka kudambo, kumene mbuzi ndi ng'ombe zimatimeza, ndipo thovu la wochapira mumtsinje limapita kwa mnzake amene akutunga kumunsi. Tungani madzi, mukachapire kumtunda.

Tsono pano ndiyenera kunena mosapsatira, pakuti pali moyo wa ana. Phulusa ndi ndimu zimachotsa litsiro looneka ndi maso, koma sizisandutsa madzi a pachitsime kukhala abwino kumwa. Kolera itabuka ku Niassa mu 2022, inafalikira m'zigawo zina kuphatikizapo kuno ku Tete, ndipo inakula kwambiri namondwe Freddy atadutsa mu 2023. M'nyengo yotero madzi akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe Certeza monga mwalembedwa pa botolo, ndi kudikira mphindi 30 musanamwe. Munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza, zofunda zake ndi pansi pamene wadetsa zimafuna javel wosungunula m'madzi. Amene angakuuzeni kuti ndimu akwanira pamenepo musamumvere, ngakhale akhale wamkulu kwa inu. Kusamba m'manja ndi phulusa a zaumoyo amalola pamene sopo palibiretu, koma sopo akapezeka, malo ake oyamba ndi pakhomo pa chimbudzi ndi pa beseni losambira m'manja tisanadye. Nchifukwa chake ine ndimaumira sopo pa mapoto: ndalama imene phulusa landisungira ndimagulira sopo wa m'manja ndi kabotolo ka Certeza.

Javel akalowa m'nyumba asasakanizidwe ndi ndimu, viniga kapena mankhwala ena alionse otsukira. Akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya woipa umene umawotcha maso ndi mapapo, makamaka m'kachipinda kotseka. Ambiri timagula javel wopimitsa, nkumuthira m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mwana wa zaka zitatu sadziwa kuwerenga, amangodziwa botolo. Musungeni m'botolo lake lomwe, lotsekedwa bwino, pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando.