Pasipoti anatsala

Achimwene atakwera basi ya ku Joni anatisiyira zinthu zitatu pakhomo pathu ku Edingeni: njinga yopanda tcheni, ngongole ya feteleza, ndi galu. Galuyo dzina lake ndi Pasipoti, poti anamutenga ali kamwana sabata yomwe pasipoti yawo inatuluka. Kwathu ku Mzimba kuno nkhani yotere si yachilendo. Mudzi uliwonse uli ndi wake amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo tikamawerenga otsala timatchula akazi, ana ndi makolo. Agalu sitiwawerengera.

Patapita miyezi ingapo Pasipoti anayamba kudzikanda usiku wonse. Ubweya unathothoka kuyambira m'makutu, kenako m'miyendo ndi pamimba. Khungu linakakamala, nkuyamba kununkha. Akadutsa pamsika ana ankakuwa m'Chitumbuka kuti "ntcheŵe yafuntha!" uku akutola miyala. Tsiku lina anabwera akukoka mwendo wakumbuyo. Mwala wina unali utamupeza.

Anthuwo sindiwada. Chiwewe si masewera: zizindikiro zikangoonekera mwa munthu, palibenso mankhwala, ndi imfa basi. Nchifukwa chake azaumoyo amati galu akakuluma, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu amene anaikapo mwana m'manda chifukwa cha galu sangayambe wafunsa kuti galu wothothoka ubweyayu akudwala chiyani. Amatola mwala.

Koma alangizi a ziweto atamuona anangopukusa mutu. Amvekere, "Ichi si chiwewe, achimwene. Ndi mphere." Anandifotokozera kuti ndi tizilombo ting'onoting'ono timene timaboola khungu nkuikira mazira momwemo. Anamubaya jakisoni wa ivermectin, nkundiuza kuti afunika kubayanso pakatha masabata awiri, mwinanso kachitatu. Masaka omwe amagonapo nditenthe, ndipo ndikamugwira ndizisamba m'manja chifukwa kuyabwako kumagwiranso anthu. Anamupatsanso katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka zam'mimba. Za mwendo anandiuza mosabisa: upola, koma kutsimphina sikudzatha. Ndalama yomwe ndinkasungira bandulo ya mwezi inathera pamenepo.

Vuto lenileni linabwera nditapeza kantchito ku Mzuzu. Chipinda cha lendi, eni nyumba safuna ngakhale mphaka. Amayi anali atanena kale kuti iwo ali ndi zidzukulu zitatu ndi mbuzi, ndipo ndalama ya ku Joni imabwera ikafuna. "Ndidyetse ana kapena ndibayitse galu?" Ndinalibe yankho.

Usiku ndinkafufuza pafoni. Ndinapeza kuti ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, lomwe limasamalira ziweto zotayidwa, kuzichiza ndi kuzipezera makomo atsopano. Ndinaona zithunzi za agalu osambitsidwa bwino, aliyense ndi dzina lake, akudikira womutenga. Ndinasirira. Koma kuchoka ku Edingeni, kudzera ku Embangweni, kukatulukira pa Jenda, kudutsa Kasungu mpaka Lilongwe, ndi kondakitala uti angakulole kukweza galu wonunkha zilonda? Kwathu kuno malo osungira agalu osowa mwini ndi kuseri kwa khitchini ya munthu wachifundo, ngati alipo.

Ndinaika chithunzi chake pa status ya WhatsApp. Ndinalandira timitu toseka. Wina analemba kuti, "Ameneyu ngakhale wakuba angamumvere chisoni." Zoona zake nzakuti kumudzi galu amatengedwa ngati wantchito: azilondera khola, azipita kuuzimba. Wodwala ndi katundu.

Apa ndiye pomwe ndinalakwa, ndipo ndikulemba kuti ndivomere. Ndinanama. Ndinauza bambo wina wokonda kusaka kuti galuyu akungosintha ubweya, mwendowo anangobinya. Anamutenga. Patangopita masiku atatu Pasipoti anabwera yekha m'mamawa, chingwe chili m'khosi, jakisoni wachiwiri atamuphonya, zilonda zitayambanso kunyowa. Bambo aja titakumana panjira sanandikalipire. Anangoti, "Mukanangonena, mwana wanga." Mawu amenewo anandiwawa kuposa chitonzo.

Ndinasiya kumutsatsa ngati malonda. Aliyense wondifunsa ndinkamuyalira zonse: ali ndi mphere, atsala ndi majakisoni, adzatsimphina mpaka kufa, sangagwire kalulu. Ambiri ankachokapo ndisanamalize.

Amene anamvetsera mpaka kumapeto anali agogo ena a kutsidya kwa dambo, omwe ana awo aamuna onse awiri ali ku Joni. Ali ndi nyumba ya malata, sola padenga, sofa yobwera ndi matransipota, koma madzulo palibe wolankhula naye. Anamuyang'ana Pasipoti nthawi yaitali.

"Amauwa?" anafunsa.

"Amauwa, agogo. Kwambiri."

"Ndiye vuto lili pati? Wothamanga ine ndimutani? Inenso mwendo unandikana kalekale."

Tinapangana poyera. Majakisoni otsalawo ndilipira ine, ndipo ndalama ndizitumiza pafoni kwa alangizi. Mnyamata woyandikana nawo nyumba ndiye azimugwira pomubaya. Agogo mbali yawo ndi phala la madeya, mikute ndi mitu ya usipa. Anandiuzanso kuti sadzamumanga. "Akafuna kubwerera kwanu abwerere. Mlendo sakakamizidwa." Sabata yoyamba ankagona kwathu nkukadya kwawo. Yachiwiri anasamukiratu.

Ndinkaganiza kuti ndikufunafuna munthu wachifundo. Amene ndinapeza ndi munthu amene anamva mtengo wonse wa galuyo, nauvomera maso ali gwa, chifukwa nayenso panali chimene ankasowa. Bodza langa lija likanagwira, Pasipoti akanafera kutchire akuthamangitsa kalulu ndi miyendo itatu.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi. Ubweya wamera, ngakhale m'makutu mwatsala madazi. Anandilonjera ndi mchira, koma agogo atadzuka kupita kudimba anandisiya ndili chiimire nkuwatsatira, onse awiri akutsimphina, wina kumanja wina kumanzere.

Madzulo ake achimwene anaimba video call. Anafunsa za amayi, za ngongole ija, kenako nkuti, "Nanga galu wanga ali bwanji?"

Ndinawauza kuti ali bwino. Zoti ndi wawo ndinangozisiya choncho.