Tayala lakumbuyo likamadyeka mbali imodzi



Ambiri mwa ife amene tinakwanitsa kugula galimoto tinasankha ija yaitali kumbuyo, imene pa Cipwitikizi amati carrinha, yogwiritsidwa kale nchito ku Japan. Tinaisankha cifukwa imanyamula. Pakati pa sabata imatenga ana ndi mabuku, Loweruka matumba a cimanga kapena a kacewere, pa maliro abale okwana mudzi. Kulemera konseku kumatsamira pa matayala awiri akumbuyo, omwenso ndi amene sitiwayang'ana kawirikawiri. Lakutsogolo ukakhotetsa ciwongolero limaonekera lonse, pamene lakumbuyo limabisa mbali yake yamkati pansi pa galimoto. Kunja likhoza kuoneka labwino mkati mawaya atatuluka kale.

Cimene ndikufuna tigawane lero n'cakuti tayala lodyeka mbali imodzi ndi mboni cabe, wolakwa ali pena. Mukagula latsopano musanamupeze wolakwayo, nalonso lidyeka malo omwewo, ndipo tonse tikudziwa mmene tayala limodzi limabowolera malipiro a mphunzitsi. Komanso nkhaniyi si ya ndalama zokha. Matayala akumbuyo ndi amene amagwira galimoto kuti iziyenda mowongoka. Akaterereka pa phula lonyowa kapena pa matope, thako la galimoto limatembenuka, ndipo kuibweza kumavuta kwambiri. Ana athu amakhala kumbuyo komweko. Kuno ku Angónia mvula ikayamba ca mu Novembala kapena Disembala, msewu sukhululukira tayala losalala.

Kuwerenga tayala sikufuna makina. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, gwadani, muyang'ane ndi toci ya foni, kenako muyendetse cikhatho pamwamba pake.

Likadyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, lakhala likuyenda ndi mpweya wocepa. Likadyeka pakati pokha, mpweya unacuruka. Mlingo woyenera sitiuyeza ndi maso kapena pomenya tayala ndi phazi. Unalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya citseko, nthawi zambiri ca woyendetsa, kapena m'buku la galimoto, ndipo magalimoto ena amapereka mlingo wapadera wa pamene mwanyamula katundu. Yezani m'mawa tayala lisanatenthe.

Likadyeka mbali yamkati yokha mosalala, gudumu lapendekeka, pamwamba pake palowa mkati. Amisiri amati câmber. Cikhatho cikamayenda bwino polowera mkati koma n'kumakodwa pobwerera, ngati mukusisita mano a sowo, gudumu silikuloza kutsogolo ndendende, likuyenda mokhukhuluzika pang'ono. Imeneyo ndi convergência. Mukapeza timaenje tosinthana ndi timapiri kuzungulira tayala, ndipo poyenda mukumva kulira kwa "wuu-wuu" kumbuyo, kayikirani amortecedor: yatopa, ndiye tayala likudumphadumpha m'malo mogwira msewu. Likadyeka malo amodzi okha ngati cigamba, mabuleki anagwira gudumu n'kulikwakwaza pansi.

Funso limene limathandiza kwambiri ndi ili: kodi matayala onse awiri adyeka mofanana, kapena limodzi lokha? Akafanana, ganizirani cinthu cokhudza mbali zonse, monga mpweya, katundu wopitirira muyezo kapena masipuling'i ofooka. Likakhala limodzi, pali cimene capindika kapena catha mbali imeneyo.

Pa galimoto yanga linali lakumanzere lokha, mbali yamkati, ndipo cikhatho cinkakodwa. Lakumanja linali bwinobwino. Ndinayeza mpweya, unali wofanana. Ndinatenga tepi n'kuyeza kucokera pakati pa gudumu kufika pa mkombero wa bodi mbali zonse ziwiri, kutalika kunali kumodzi, ndiye sipuling'i sinagwe. Ndinakanikiza ngodya ya galimoto ndi thupi lonse n'kusiya: inakwera kamodzi n'kukhazikika, ndipo pa amortecedor panalibe mafuta otayikira. Ndinaikweza ndi jeke, nditaika miyala ku magudumu enawo, n'kugwira gudumu pamwamba ndi pansi, kuligwedeza, kulizunguza. Silinagwedere, silinalire, kusonyeza kuti rolamento inali yamoyo. Zimene ndikanatha kuona pakhomo zinathera pamenepo.

Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wacikulire amene ali ndi makina oyezera magudumu onse anai. Ndisanafotokoze zambiri, iwo anagwada, nasisita tayala lija, nandifunsa:

"Aphunzitsi, mumapatuka kangati pa phula mukakumana ndi malole?"

Funso limeneli linali ndi nzeru. M'dziko lathu timayenda kumanzere, ndiye magudumu akumanzere ndi amene amatsika m'mphepete mwa phula modyeka, ndi amenenso amagwera m'maenje a m'mbali pamene lole ikubwera kutsogolo. Galimoto ikakhala yopanda kanthu, kugunda kotero kumangopita. Ikakhala ndi matumba anai a makilo 50, ndiye kuti makilo 200 awonjezereka kumbuyo, ndipo citsulo cimamva.

Anandionetsa pansi. Magalimoto ambiri a mtundu uwu amene amakoka ndi magudumu akutsogolo ali ndi mtanda umodzi wacitsulo wolumikiza magudumu awiri akumbuyo. Mtandawu ndi wolimba ndipo sufuna zambiri, koma ulibe mabawuti osinthira kaimidwe ka gudumu. Ukapindika, palibe copotokola kuti ubwerere. Magalimoto ena, makamaka okoka ndi magudumu onse anai, gudumu lililonse lakumbuyo limakhala ndi mikono yakeyake. Amenewo nthawi zambiri amasinthika, koma amapendekeka mkati akalemedwa, ndipo timphira ta m'mikonomo tikatha gudumu limayamba kusewera. Conco musanakangane ndi mmisiri, dziwani kaye kuti pansi pa galimoto yanu pali mtundu uti.

Makina anatsimikiza zimene cikhatho cinanena: gudumu lakumanja linali m'malire ake, lakumanzere linali litatuluka. Mtanda unali utapindika pang'ono mbali imeneyo, moti ndi maso sukanaona.

"A mestre, sitingauwongole ndi moto?" ndinafunsa, poganizira thumba.

"Moto umafewetsa citsulo, aphunzitsi. Lero cioneka cowongoka, koma mudzanyamula ana."

Anati kupindika kukakhala kocepa kwambiri, pa magalimoto ena amalowetsa tizitsulo topyapyala kuseri kwa pomangira gudumu kuti liwongoke. Kwanga kunali kopitirira pamenepo. Tinafunafuna mtanda wina wogwiritsidwapo nchito koma wowongoka, anaumanga, anayezanso, ndipo pamenepo m'pamene ndinagula matayala awiri ofanana. Atsopanowo anaikidwa kumbuyo. Ambiri amadabwa nazo, koma opanga matayala amalangiza zomwezo: abwino kwambiri azikhala kumbuyo, ngakhale galimoto ikukoka ndi kutsogolo.

Mukapita kokonzetsa, nenani momveka kuti mukufuna alinhamento ya magudumu onse anai. Malo ena amayeza akutsogolo okha, galimoto n'kutuluka ciwongolero cili cowongoka koma kumbuyo kukudyabe tayala. Pemphani kuona manambala a musanakonze ndi a mutakonza. Ngati akunena kuti asintha kumbuyo, afunseni akuonetseni bawuti imene apotokola. Mmisiri woona sakwiya ndi funso limeneli.

Pa tayala penipeni pali zinthu ziwiri zolembedwa zimene aliyense angawerenge. M'ngalande zake muli timizere tokwera pang'ono. Mphira ukadyeka mpaka kufanana nato, kwatsala mamilimita 1,6 okha ndipo tayala latha, ngakhale zitacitika mbali imodzi yokha. M'mbali mwake, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anai: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka. 2321 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'caka ca 2021. Izi zimathandiza pogula matayala akale pamsika, cifukwa mphira umakalamba n'kung'aluka ngakhale mizere ikadalipo.

Kwa ine, tsiku lolandira malipiro ndi tsikunso logwada kumbuyo kwa galimoto ndi toci. Sizitenga mphindi zisanu. Makolo amene ana anu amakwera galimoto ya munthu wina popita kusukulu, inunso muli ndi ufulu wosuzumira mkati mwa tayala lakumbuyo, ndipo mukaona mawaya muwauze eni ake mwaulemu mvula isanagwe.