Usanagumule khitchini ya ku Kawale

Wokondedwa mphwanga,

Zithunzi zija unatumiza pa WhatsApp ndaziona, makabati oyera mbee ofika kudenga, sinki pansi pa windo. N'zokongola, sindikukana. Koma mmisiri asanayambe kugumula, ndati ndikufotokozere mmene khitchini ya pakhomo pa makolo athu inapezekera kuseri kuja, payokha, chifukwa iwe unabadwa zonse zitamangidwa kale.

Kumudzi kumene anakulira mayi, khitchini inali kanyumba kapadera. Pakati mafuwa atatu, pamwamba pake nsanja yomwe ankasungirapo chimanga chambewu kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe, denga lili bii ndi mwaye. M'kanyumbamo munkangokhala moto ndi miphika. Kusinja, kupeta, kusadzula nkhwani ndi kutsuka mbale zonse zinali za pabwalo, mbalezo n'kuziyanika pathandala. Munthu wophika ankakhala pansi kapena pakampando, poto ali pafupi ndi mawondo, ndipo nsima imavundulika bwino choncho.

Boma la Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Ku Area 10 ndi Area 43 kunamangidwa nyumba za mabwana, khitchini m'kati, chitofu chamagetsi, kanyumba ka wantchito kuseri. A Malawi Housing Corporation anamanga nyumba ngati za ku Area 18, zokhala ndi kakhitchini kopanikiza koma ka mpope m'kati. Anthu ngati bambo athu anagwera m'malo omwe ankatchedwa Traditional Housing Areas, monga Kawale, Biwi ndi Area 25. Kumeneko unkalandira poloti, chimbudzi chokumba, madzi ukatunge ku kiyosiki, nyumba umange wekha mmene thumba lako likulolera. Ndiye munthu wopanda mpope, wopanda magetsi, wophikira nkhuni, akanalowetsa bwanji moto m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri? Anamanga zimene ankazidziwa, khitchini ya kumudzi, kungoifolera malata otsala.

Kenaka anthu anachuluka m'tauni, lendi inayamba kukoma. Eni mapoloti ambiri anapaka laimu m'makhitchini awo n'kuikamo alendi. Ku Chinsapo ndi ku Mgona, komwe malo ankagulidwa kudzera kwa mafumu popanda pulani ya mzinda, nyumba zinathinana kuyambira pachiyambi pomwe. Chimene chinapulumutsa anthu ndi mbaula ya makala, ija amakhoma okhoma zidebe. Ilibe utsi wochuluka ngati nkhuni, imanyamulika, imakwana pakhonde. Ukadutsa mu Chinsapo dzuwa likulowa uona mbaula zili ndandanda pamakomo, pena mwana akukupizira ndi chivundikiro cha poto. Khitchini ya anthu ambiri mu Lilongwe ndi imeneyo mpaka lero.

Magetsi atafika pakhomo pathu mayi anagula hotipuleti, koma mbaula sanaitaye, ndipo nthawi inawavomereza. Ukukumbukira 2016 ndi 2017, madzi atachepa m'nyanja ndi mu Shire, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kubwereranso kwa nthawi yoposa chaka. Makala nawo sali pabwino. Ambiri amene ankalowa mumzinda panjinga ankachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a ku Malingunde, madzi omwewo amene Lilongwe Water Board imatigulitsa. Zinafika poti mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. N'chifukwa chake ukumva za Chitetezo Mbaula ndi gasi paliponse. Ine ndimaona kuti pakhomo pa mu Kawale, kwa zaka zikubwerazi, pazikhalabe njira ziwiri kapena zitatu zophikira, ndipo pulani yako iyambire pamenepo.

Khitchini ya pazithunzi zakoyo ilinso ndi kwawo. Mayi wina wa ku Austria wojambula mapulani a nyumba, Margarete Schütte-Lihotzky, anaikonza mu 1926 pomangira nyumba za anthu ogwira ntchito ku Frankfurt. Inali yaing'ono, mamita osakwana awiri m'lifupi, chilichonse chili pofikira dzanja kuti wophika asamayendeyende. Nzeruyo ndi yabwino, ndipo uitenge: sinki, chitofu ndi furiji zikhale moyandikana, pakati pa sinki ndi chitofu pakhale podulira ndiwo, ndipo njira yochokera pabalaza kupita kuseri isadutse kumbuyo kwa munthu wonyamula poto wotentha. Koma anaipangira munthu mmodzi, wa mpope wosauma, wogula ufa wa m'kapaketi. Sanaganizepo za thumba la chimanga la makilogalamu 50 lochokera kumudzi, kapena nyemba zofuna kubwata theka la tsiku, kapena tsiku la chinkhoswe pomwe amayi asanu ndi mmodzi amafuna kugwira ntchito nthawi imodzi.

Choncho khitchini yam'kati ikhale ndi chitseko chotulukira kuseri, ndipo kunjako umange khonde lofolera, lotseguka mbali ziwiri, lokhala ndi kasilabu kafupi, kosapitirira m'mawondo, koikapo mbaula. Kauntala ya masentimita 90 ndi yabwino podula tomato, koma uikepo mbaula ndi poto wa nsima ya anthu khumi, uone mmene mapewa a alamu adzalirire. Makala oyaka asadzalowe m'chipinda chotseka, ngakhale kuzizire bwanji mu June. Mpweya wake sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso, ndipo siling'i ndi mawindo agalasi amene ukufuna kuikawo amatseka timipata tomwe kale tinkatulutsa mpweyawo.

Silinda ya gasi iziima chilili, kutali ndi mbaula, pamalo popita mphepo. Gasi akadontha amatsikira pansi, ndiye kabowo kolowetsa mphepo kakhale m'munsi mwa khoma. Chitofu chamagetsi chimafuna waya wakewake kuchokera pa bolodi, osati kulumikiza pa soketi ya wailesi. Peza wamagetsi wa ziphaso.

Pa makabati ndikuuze mosabisa: matabwa ofinya aja a chipboard ndi mdani wa madzi. Paipi ikangodontha pang'ono amatupa, mphemvu n'kupezamo mudzi. Pansi pa sinki umange ndi njerwa, uike silabu ndi matailosi, zitseko zokha zikhale za thabwa. Usiyenso mpata wa ndowa ziwiri kapena kadiramu, poti mpope umauma osatsanzika. Ndipo madzi otuluka musinkiyo uwaganizire kopita usanagule sinkiyo. Kwathuko kulibe paipi ya suweji, ndiye pafunika dzenje la miyala kutali ndi maziko, apo ayi madzi a mafuta adzayenderera kulowa kwa aneba, mudzayambana chifukwa cha zotsukira mbale. Matumba a chimanga ndi ufa akhale ndi kasitolo kawo, pa thandala la matabwa, osagunda khoma.

Mmisiri asanajambule kalikonse, tenga choko, ulembe pansi pomwe padzakhale sinki, chitofu, furiji ndi chitseko, ndiye alamu ayendemo ngati akuphika, atanyamula poto weniweni. Iwo ndiwo adziwe ngati mthiko, chipande ndi lichero zili ndi pokhala. Achemwali athu uwafunsenso, anaphikira m'kanyumba kakaleko zaka zambiri. Kanyumbako usakagwetse msanga. Mudzaphikiramo pamene ntchito ili m'kati, ndipo pambuyo pake kangasunge makala ndi makasu.

Unditumizire miyeso ya chipindacho ndi mtengo umene mmisiri watchula, ndione pomwe ndingathandizepo pa simenti. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako.